Makutu ali bwinobwino, koma mwana sakumva

Lachinayi usiku cha m'ma 11 koloko ndinadzutsa mnzanga wa m'chipinda kuti amvere chiganizo chimodzi chokha. Anali atagona kale, ndipo nkhope imene anandionetsa sindingaifotokoze pano. Ndinamuveka mahedifoni n'kumuuza kuti amvetsere bwino, andiuze ngati pali chimene chasowa. Chiganizocho ndinali nditajambula ndekha pa foni: "Amayi apita kumsika kukagula matemba." Pa laputopu, mu Audacity, pulogalamu yodulira mawu ojambulidwa, ndinafufuza pamene pali s wa "kumsika", ndinamudula yense, pamalo pakepo n'kumatapo kutsokomola kwanga kotalika chimodzimodzi.

Anamvera kawiri. "Palibe chasowa, aise. Wangotsokomola. Ndigone?"

Ndinamufunsa kuti ndatsokomola pati. Anaganiza pang'ono, akuti mwina pa "kukagula". Kenaka ndinamuikira ina, yomwe s ndinamudula chimodzimodzi koma pamalopo n'kungosiya zii. Sanachedwe n'komwe: "Apa ndiye wati kum...ika."

Iye anafunda bulangete, ine tulo tinandithawa. Nanenso, amene ndinadula s uja ndi manja angawa, ndikamvera ya chifuwa ija ndimamumva s bwinobwino. Ndikudziwa kuti mulibe, pa sikirini ndikuona kuti mulibe, koma ndikumumva ndithu.

Izi sindinayambe ndine. Richard Warren anazichita ku America mu 1970 pa liwu la Chingerezi loti legislatures, ndipo pa anthu 20 amene anamvera, 19 anati palibe chasowa. Ife amene tikuphunzira za kumva (audiology) tinapatsidwa zimenezi m'kalasi sabata yachitatu, mzere umodzi pa silaidi: phonemic restoration (ubongo kubwezeretsa liwu losowa), Warren 1970. Ndinaloweza, pa kamayeso ka mlunguwo ndinakhoza, koma m'mutu munalibe kanthu.

Chimene chakhala chikundizunguza semesita yonseyi ndi auditory processing disorder, APD. Za ziwalo za mkati mwa khutu ndi kawerengedwe ka audiogram, pepala la zotsatira za kuyeza makutu, sindibwereza, paja tonse tinazitafuna chaka chatha. Tanthauzo la APD ndinkatha kulilemba nditatsinzina: khutu likulandira bwino, koma ubongo ukuvutika kukonza zomwe zalandiridwazo, makamaka pa phokoso. Kulemba ndinkalemba, kukhulupirira ayi. M'maganizo mwanga kumva kunali ngati paipi ya madzi. Madzi alowa uku, atulukira uko. Paipi ikatsekeka, audiogram itiuza kuti yatsekeka pati, pakati pa khutu kapena mkati mwenimweni. Ndiye ngati mwana akumva ngakhale timawu tapansipansi ta 10 dB (dB ndi muyezo wa kukula kwa mawu), kuyambira mawu a besi a 250 Hz mpaka okwera a 8000 Hz, makutu onse awiri, paipi ndi yotseguka. Chatsala n'chiyani? Pakamwa ndinkati APD, mumtima ndinkati ndi ulesi umene azungu aupezera dzina laulemu.

Usiku umene uja ndi pamene paipi yanga inaphulika. Ngati ubongo ukutha kundimvetsa s yemwe sanafike n'komwe kukhutu, ndiye kuti chimene ndimamva ndi chophikaphika. Ubongo umatenga zidutswa zimene wapatsidwa n'kuthirapo zomwe ukudziwa kale: kuti amayi ofuna matemba amapita kumsika, kuti chifuwa ndi phokoso loti lingaphimbe s. Pamene pali zii sungadzinamize, chifukwa palibe chomwe chikanamubisa. Pamene pali chifuwa umati anali pompo, wangophimbika, n'kumubwezeretsa osandifunsa kaye ine mwini wake.

Ndipo ndinaona kuti audiogram imafunsa funso lophweka kuposa onse: kaphokoso aka kalipo kapena palibe? Imafunsa m'kachipinda kachete, khutu limodzi, liwu limodzi pa nthawi. Ndi liti pamoyo pamene munthu amafunsidwa funso limeneli? Taganizani muli pa depoti madzulo. Woitanira akukuwa, injini zikulira, mlaliki ali ndi chimkuzamawu chake, mushopu muli nyimbo, mnzanu akukuuzani kuti ndalama yachepa. Zonsezi sizifika m'khutu chilichonse payekhapayekha. Zimaphatikizana mumpweya momwemo, n'kufika pa kang'oma ka m'khutu zili kunjenjemera kumodzi. Kang'omako kamangodziwa kulowa ndi kutuluka basi. Palibe cholembedwa kuti chidutswa ichi n'cha mlaliki, ichi n'cha mnzanu. Zili ngati wina wakhuthulira mpunga, mapira, nyemba ndi mchenga m'lichero limodzi, n'kukuuzani kuti petani, munditolere mpunga wokha, ndipo muchite m'kuphethira kwa diso. Colin Cherry mu 1953 anatcha zimenezi cocktail party problem. Ine ndimangoti vuto la pa depoti.

Khutu limangobweretsa lichero lodzaza. Wopeta ndi ubongo. Audiogram imatsimikiza kuti lichero lafika, za kupeta siyankhula kanthu. Ndikudziwa kuti ena mukuseka kuti zimenezi munaziona kalekale, koma ine zanditengera miyezi itatu, ndisiyeni ndisangalale.

Nditagwira zimenezi ndinabwerera ku mndandanda uja tonse timadana nawo, wa malo amene uthenga wochokera kukhutu umadutsa mu ubongo: cochlear nucleus, superior olivary complex, lateral lemniscus, inferior colliculus, medial geniculate body, mpaka pa Heschl's gyrus. Ndinkauloweza ngati masiteji a minibasi, ndipo mawu ndinkawaona ngati pasenjala wongodutsa, wodikira kutsika pa siteji yomaliza. Ayi ndithu, pa siteji iliyonse akusendedwa, akuyezedwa, akusanjidwa. Imene yandigwira mtima ndi superior olivary complex, malo oyamba pamene uthenga wa makutu awiri umakumana. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Munthu akamayankhula ali kumanja kwako, mawu ake amayamba kufika kukhutu lamanja, lamanzere n'kulandira mochedwerapo, koma kuchedwa kwakeko sikukwana ngakhale milisekondi imodzi (mu sekondi muli mamilisekondi 1,000). Kukachulukitsitsa ndi 0.6 kapena 0.7 ya milisekondi. Ndipo pa mayeso a mu labu anthu amatha kuzindikira kusiyana kochepa ngati ma microsecond 10, ndiye kuti 0.01 ya milisekondi. Kuonjezera apo mutu umatchinga mawu okwera ngati a likhweru, moti khutu lakutali limalandira ofookerapo. Lord Rayleigh anazifotokoza kale ziwirizi mu 1907, ali ndi ma tuning fork chabe, tizitsulo tolira tikamenyedwa.

Poyamba ndinkati zimenezi ntchito yake n'kudziwa kumene galimoto ikuchokera, basi. Sindinaone kuti ndi chida chopetera. Ubongo ukadziwa kuti zidutswa izi zikuchokera kutsogolo, izo zikuchokera kumanzere, umasonkhanitsa zakutsogolo pamodzi n'kunena kuti uyu ndi munthu mmodzi, enawo n'kuwakankhira kumbali. Yesani mawa pa nkhomaliro mu kafeteriya. Tsekani khutu limodzi ndi chala mnzanu akuyankhula. Mawu ake sachepa kwenikweni, koma amamira m'chiphokoso cha mbale ndi masipuni. Mukachotsa chala amayandamanso. Ndachita kanayi sabata ino, anthu ayamba kundiyang'ana.

Ku Australia, Sharon Cameron ndi Harvey Dillon a ku National Acoustic Laboratories anapanga mayeso otchedwa LiSN-S oyeza chinthu chimenechi. Mwana amabwereza ziganizo pamene mawu ena osokoneza akumveka, nthawi ina onse akuchokera malo amodzi, nthawi ina osokonezawo atasunthidwira m'mbali. Mwana wabwinobwino amapindula kwambiri akasunthidwa. Pali ana ena amene sapindula mokwanira, ndipo vutoli limapezeka kawirikawiri mwa ana amene ankadwaladwala makutu ali aang'ono. Zikumveka. Khutu lamanzere mwezi uno ladzaza madzi, mwezi wamawa lauma, kenaka lamanja layamba. Ubongo umene ukuphunzira kufananiza makutu awiri ukupatsidwa sikelo yosinthasintha zaka zimene ukufunika yokhazikika. Matenda atha, audiogram yabwerera mwakale, koma kupeta sikunaphunziridwe bwino. Apa mpamene ndinakumbukira mwana wa achemwali anga, koma za iye ndinena kutsogoloku.

Chida china ndi nthawi, ndipo apa Chichewa chathu chimathandiza kuposa zitsanzo za m'mabuku. Nenani "pala", kenaka "phala". Milomo ikuchita zofanana. Kusiyana kwake ndi kampweya kamene kamatuluka milomo itatseguka, mawu a pakhosi asanayambe. Ndinajambula onse awiri n'kuwakuza pa sikirini: kampweyako ndi mamilisekondi makumi angapo chabe. Nditakadula, "phala" anasanduka "pala". Ndiye munthu amene ubongo wake umachedwa kugwira timipata tating'ono chonchi akukhala m'dziko limene p ndi ph, t ndi th, k ndi kh zikusendererana. M'chipinda chachete adzadziwa kuti mwana sangamwe "pala", adzakonza yekha monga momwe mnzanga anabwezeretsera s uja. Pa phokoso, zidutswa zosowa zikachuluka, zoganizira zimamuthera. Apa mpamene ndinamvetsa chifukwa chake timayeza gap detection, kuona kampata kakang'ono kwambiri kamene munthu angakazindikire pakati pa phokoso. Ndinkaona ngati masewera. Ndiye pali kukwera ndi kutsika kwa liwu. Mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga timalemba chimodzimodzi, koma sitinena chimodzimodzi. Mabuku athu amakamba za kukwera ndi kutsika kumeneku, pitch pattern, ngati nkhani ya nyimbo ndi ya kudziwa ngati munthu wakwiya kapena akufunsa. Kwa ife kakwezedwe ka liwu kamasintha tanthauzo lenileni, mpaka nthawi ya mneni.

Tsopano ndinene poyera: njira yophunzirira kosi imeneyi ndi imodzi yokha, kudzipangira wekha mawuwo n'kuwamvera. Zina zonse n'kutaya nthawi. Makadi oloweza ndataya. Gulu lokambirana la Lachitatu, pepani anzanga, timangowerengerana manotsi mokweza. Audacity ndi yaulere, bandulo yoitsitsira ndi yochepa, foni aliyense ali nayo. Chilichonse chimene ndachimva ndi makutu anga sabata ziwiri zapitazi chakhazikika, chimene ndinangowerenga chauluka. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaletsa masilaidi mu kosi imeneyi, aliyense azibwera ndi mahedifoni basi.

Komabe ndiulule zomwe zinandichitikira ndi dichotic listening. Paja Donald Broadbent mu 1954 ndiye anayamba kupatsa anthu manambala osiyana m'makutu awiri nthawi imodzi, ndipo Doreen Kimura ku Montreal mu 1961 anapeza kuti anthu ambiri amagwira bwino a kukhutu lamanja. Chifukwa chake n'chokoma: njira zopingasa, zochoka kukhutu kupita kumbali ina ya ubongo, ndi zamphamvu kuposa zopita kumbali yomweyo, ndiye khutu lamanja limatumiza mwamphamvu kumbali yamanzere ya ubongo kumene ambiri timakonzera chiyankhulo. Lamanzere limatumiza kumanja, uthengawo n'kuyenera kuwoloka mlatho wa corpus callosum kuti ukafike kumanzere. Mlathowu umakhwima mochedwa, mpaka cha m'ma zaka 11 kapena 12, n'chifukwa chake mwa ana aang'ono khutu lamanzere limatsalira kwambiri, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene ambiri sayezera APD mwana asanakwane zaka 7. Ine ndinajambula manambala anga, ena kumanzere ena kumanja, n'kuyesa anzanga asanu. Onse asanu anakhoza bwino kukhutu lamanzere. Ndinayamba kale kulota kuti ndatulukira chinthu chachilendo pa ubongo wa Amalawi, mpaka wina anandifunsa kuti, "Achimwene, mahedifoni amenewa munagula zingati?" Anali a pamsika. Mbali yamanja inali yofooka.

Ngakhale zinali zochititsa manyazi, ndinatolapo kanthu. Mayeso a manambala a Frank Musiek amagwiritsa ntchito 1 mpaka 10 kupatula 7, chifukwa m'Chingerezi 7 yekhayo ali ndi maphatikizo awiri. Ndiye tiwasandutse bwanji m'Chichewa? "Zisanu ndi ziwiri" sangayendere limodzi ndi "zinayi". Mungati palibe vuto, ana athu amawerenga kale m'Chingerezi. Eya, koma amati wani, thuu, firii, faifi, sikisi, ndipo mawu a pa CD amene tili nawo m'kalasi ndi a mzungu wa ku America. Mwana wa ku Ntchisi akalephera, walephera chifukwa cha corpus callosum kapena chifukwa sanamvepo munthu akutchula 4 mwanjira imeneyo? Ndipo ndi yani amene tikumufanizira naye, poti manambala oti uyu ali bwino uyu ayi anatengedwa pa ana a kwina? Mayeso a ziganizo ndiye nkhani yake ndi yoposa pamenepa. Ngati Warren akunena zoona, munthu amadzaza mipata ndi chiyankhulo chimene akuchidziwa. M'chiyankhulo chachiwiri zodzazira ndi zochepa. Ine ndemwe ndikamaonera filimu ya Chingerezi jenereta ikulira panja ndimakhala ngati wa APD.

Funso limeneli ndinalifunsa m'kalasi. Yankho linali lakuti sizibwera pa mayeso. Apa mpamene mtima wanga umawawa. APD yonse tapatsidwa mapiriyodi awiri, masilaidi osawerengeka owerengedwa mothamanga, popanda ngakhale kamawu kamodzi kotiseweretsera kuti timve. Kosi ya kumva yophunzitsidwa mwakachetechete! Warren uja akanatitengera mphindi ziwiri. Audiometer, makina oyezera makutu, yoti tiphunzirirepo ndi imodzi kalasi yonse, ndipo ikapezeka magetsi amakhala atapita. Semesita inayamba mochedwa, ndiye zonse zapanikizidwa kumapeto ngati katundu wa pa kabaza. Ndisawanamizire aphunzitsi athu, ndi anthu otanganidwa, m'mawa ali kukiliniki masana ali nafe, ndipo za tympanometry, kuyeza kayendedwe ka kang'oma ka m'khutu, anatiphunzitsa bwino zedi. Koma pa mutu uwu ndinaona ngati nawonso akungofuna adutsepo. Sabata zitatu tinathera pa masking, kuphimba khutu limodzi ndi phokoso poyeza linzake. Sindikuti masking ndi yosafunika. Ndikungoti sabata zitatu.

Mwana wa achemwali anga uja ali ndi zaka 9. Holide yapitayi ndinali kwawo. Madzulo ena wailesi ikulira, ana ena akusewera pakhonde, mafuta akuthetheka pa mbaula, achemwali anamuitana ali chozimbaira, akuyang'ana mupoto: "Iwe, thamanga pa okala ukagule mchere, machesi ndi sopo."

"Mwati?"

"Mchere, machesi ndi sopo! Makutu akowo ndi okongoletsa?"

Anathamanga. Anabwera ndi mchere ndi kapaketi ka supu. Machesi sanagule. Anaima pakhomo atagwira zinthuzo, akuyang'ana nkhope ya mayi ake kuti adziwe ngati wakhoza, ndipo ndinaona kuti anali atadziwa kale kuti china chalakwika, kungoti sankadziwa kuti ndi chiti. Atamukalipira, achemwali analowa m'nyumba n'kutulutsa pepala la kuchipatala. "Achimwene, inu ndinu ophunzira zimenezi, taonani. Anamuyeza, akuti akumva bwinobwino. Ndiye ndi mwano basi. Nkhutukumve ameneyu." Ndinayang'ana audiogram ija, mizere yonse ili pamwamba mooneka bwino, ndipo ndinati, "Zoona achemwali, makutu ake alibe vuto." Mwanayo ali pompo akumva. Zimenezo ndiye anazimva.

Ali wamng'ono ankatuluka mafinya m'khutu pafupipafupi, tonse tikukumbukira. Ndipo tikapita awiri kudimba, kopanda phokoso, amamva chilichonse, amafunsa mafunso, "amalume, bwanji achule amalira usiku wokha", amakumbukira zomwe ndinamuuza chaka chatha. Kusukulu aphunzitsi ake akuti amangoyang'ana pawindo, ndipo amaweruka atatopa ngati walima.

Chiyankhulo chathu sichimuthandizanso mwana wotere. Liwu loti kumva tinalisenzetsa katundu wambiri. Timamva mawu, timamva tanthauzo, timamva fungo, timamva kuwawa, ndipo mwana wabwino ndi womva. Ukati "mwana uyu samva", palibe amene amaganiza za superior olivary complex. Aliyense amadziwa kuti ukunena za khalidwe, ndipo mwambi wa wosamva ndi nkhwangwa uli pafupi kale. Ndiye mwana akayezedwa n'kupezeka kuti makutu ali bwino, pepala lija limasanduka umboni womutsutsa. Tanthauzo limodzi la kusamva lachotsedwa, latsala linalo. Ndipo amene anasaina chigamulocho tsiku limenelo ndine.

Taganizaninso za kalasi yake. Ku America muyezo wa ANSI umati phokoso la m'kalasi mopanda ana lisapitirire 35 dBA, ndipo ASHA, bungwe la akatswiri a kumva ndi kuyankhula, limafuna kuti mawu a mphunzitsi apose phokoso ndi 15 dB pamene pakhala mwanayo. Paja mtunda ukawirikiza kawiri mawu amatsika ndi 6 dB: ngati pa mita imodzi ali 65, pa mamita awiri 59, pa anayi 53, pa asanu ndi atatu 47. M'chipinda makoma amabweza ena, koma obwezedwawo amafika mochedwa n'kupaka timipata tija ta pala ndi phala. Tsopano ikanipo denga la malata lopanda siling'i, mvula ya Januwale, ana odzaza mpaka pakhomo, ndi kalasi ya pafupi ikuimba matebulo. M'malo otere ngakhale mwana wopeta bwino akungotola theka. Aphunzitsi akatembenukira kubolodi n'kumayankhula akulemba, amamulanda chida chinanso, chifukwa maso nawo amamva: Harry McGurk ndi John MacDonald anaonetsa mu 1976 kuti khutu likalandira "ba" milomo ikuoneka ikunena "ga", ambiri amamva "da". Imeneyinso ndinaiyesa, pa YouTube ilipo, ndipo ukatsinzina "ba" amabwerera.

Chithandizo chimene chili ndi umboni wooneka ndi chosavuta kumvetsa: kukweza mawu ofunikawo pamwamba pa phokoso. Kunja amagwiritsa ntchito kamaikolofoni kamene mphunzitsi amavala, mawu n'kupita molunjika m'khutu mwa mwana. Achemwali anga sangakwanitse zimenezo. Koma kuzimitsa wailesi n'kwaulere. Kumuitana dzina kaye, kudikira akuyang'ane, kumutuma zinthu ziwiri m'malo mwa zitatu, kumuuza abwereze asananyamuke, kusintha mawu m'malo mokuwa omwewo, "sopo wochapira" m'malo mwa "sopo", kupempha aphunzitsi amukhazike kutsogolo kutali ndi windo. Zimenezi ndinawaimbira achemwali Loweruka n'kuwauza. Anangoti, "Ndiye kuti akudwala?" Ndinasowa choyankha.

Ndinasowa chifukwa chimwemwe changa cha Lachinayi chinakumana ndi mapepala awiri amene ndinawerenga Lachisanu. David Moore ndi anzake ku Britain mu 2010 anayeza ana 1,469 a zaka 6 mpaka 11, ndipo anapeza kuti kukhoza kapena kulephera mayeso a auditory processing sikunkagwirizana kwenikweni ndi mavuto a kumvetsera amene anawo anali nawo. Chimene chinkagwirizana kwambiri ndi chidwi, kutha kuika maganizo pa chinthu osasunthasuntha, pamodzi ndi luso la kuganiza ndi kukumbukira. Kenaka Wayne Wilson ndi Wendy Arnott ku Australia mu 2013 anatenga mafailo a ana 150 n'kuwayeza ndi malamulo osiyanasiyana amene akatswiri amagwiritsa ntchito pogamula kuti uyu ali ndi APD. Malamulo ena anapeza 7.3 peresenti ya anawo, ena 96 peresenti. Ana omwewo, zotsatira zomwezo. Ndinawerenga kawiri kuti mwina ndaona molakwika. Mu DSM-5, buku la ku America la matenda a maganizo, namonso APD mulibe.

Ndipo ndikaganiza bwino, s wanga yemwe uja ndi amene akubweretsa vutoli. Ndinasangalala kuti ubongo umadzaza mipata ndi zomwe ukudziwa. Chabwino. Koma ngati kudziwa chiyankhulo, kukumbukira ndi kuika maganizo zili mkati mwa kumva kwenikweniko, ndiye mpeni tiudutsitse pati kuti uku ndi kumva, uku ndi chiyankhulo, uku ndi chidwi? Mwana uja anabwera ndi supu m'malo mwa sopo, chimenecho chikuoneka ngati kupeta. Nanga machesi? Sanawamve, kapena anawamva n'kuwataya panjira chifukwa mphamvu zonse zinathera pa kulimbana ndi mawu enawo? Kapena ndi mwana wa zaka 9 amene anaona anzake akusewera mpira panjira? Zitatu zonsezi zikhoza kukhala zoona madzulo amodzi. Mwinanso ndikumuveka matenda chifukwa ndawaphunzira kumene, monga muja tinkadzipezera tonse acoustic neuroma, chotupa cha pa mtsempha wa khutu, chaka chatha khutu likangolira pang'ono.

Zoti pali ana amene audiogram yawo ili bwino koma pa phokoso akuvutikadi, zimenezo sindikukayikanso, ndipo ngakhale a Moore sakutsutsa. Chimene sindikudziwa n'chakuti dzina loti APD likutchula chinthu chimodzi kapena ndi thumba limene tikuponyamo zinthu zingapo zofanana nkhope. Pa mayeso Lachiwiri ndilemba tanthauzo la ASHA la 2005 monga momwe akufunira, mwina n'kuonjezera mzere umodzi wa Moore ngati nthawi ilipo. Kwa achemwali ndinangoti sindikuganiza kuti ndi mwano, tayesani kaye za wailesizo mwezi umodzi tione. Anati ayesa. Ndikufuna ndikapita pa Isitala ndikatenge laputopu ndi mahedifoni abwinoko, koma ndikudzifunsanso kuti ndikapeza kuti khutu lamanzere likutsalira, ndiye nditani nazo, poti pa zaka 9 limayenera kutsalirako ndithu, ndipo kuti litsalire mpaka pati kwa mwana woyankhula Chichewa, kaya.